Chipinda Choonera Ngalawa ya Sumie

Mu mzinda wonse wa Nagasaki munalibe nyumba imene Iwanaga Tokuji sakadatha kuigwetsa. Ankanena yekha zimenezi, ndipo sankanama. Anafika mumzindamu ali mnyamata wa nsapato zobooka, akukoka ngolo yotoleramo zitsulo zotha ntchito, koma imvi zisanadzaze m'mutu anali ndi bwalo lodzaza makina ogumulira nyumba, onse achikasu, dzina lake litalembedwa pa mkono wa makina aliwonse ndi zilembo zoti munthu awerenge ali kutsidya kwa doko. Anagumulako mafakitale ku Busan, anadulako sitima zakufa ku Kaohsiung, anagonako m'mahotela a ku Singapore ndi ku Hamburg momwe thaulo limalemera ngati bulangeti. Ukamuputa nkhani ya mahotela, tiyi ankakuzizirira m'manja.

Chaka chimene mkazi wake Sumie anamwalira, Tokuji anafuna hotela pa chifukwa chimene sakadachitchula kwa mwini hotela aliyense.

Sumie anapita mu Febuluwale, osasiya mwana. Thupi litawotchedwa, mafupa anaikidwa mu mtsuko, mtsukowo m'bokosi lokulungidwa nsalu yoyera, ndipo bokosilo linakhala pa guwa la m'nyumba miyezi yonseyo. Manda anali okonzeka paphiri, mwala wakuda woitanitsa ku India, wonyezimira ngati galasi, malo a anthu awiri. Koma anali opanda kanthu chifukwa cha mayi ake a Sumie.

Mayi Tome anali nkhalamba ya pa kachilumba kena ka ku Goto, aafupi, ouma ngati nsomba zimene anakhala akuyanika moyo wawo wonse, osuta fodya, osaseka ndi mkamwini. Ankafuna mafupa a mwana wawo akagone kuchilumba pambali pa bambo ake. Pa chakudya cha maliro, wansembe ali pomwepo, abale a mbali zonse ali pomwepo, Tokuji atamwako pang'ono, pakamwa panamutsogolera monga mwa masiku onse. Anawauza kuti adikire masiku a Bon, pamene mizimu ya akufa imabwera kudzacheza kwawo kenako n'kuperekezedwa. Adzaone okha ngalawa imene adzamuperekezere Sumie. Akadzapeza chosowa pa kaperekezedwe kake, adzatenge mafupawo, iye sadzatsegula pakamwa.

"Mwanena pamaso pa anthu, a Tokuji," anatero mayi Tome, n'kupitiriza kudya.

Tsiku lomaliza la Bon, banja lililonse lomwe lataya munthu chaka chimenecho limamukonzera ngalawa. Kwawo kwa mayi Tome ngalawayo imakhala ya udzu. Anyamata amalowa nayo m'madzi mpaka m'chifuwa, amaisiya, mafunde n'kuitengera kumadzulo kumene akufa amapita. Kuno ku Nagasaki timamanga zamatabwa, zazikulu, za magudumu, zodzaza nyali za mapepala, ndipo timazikankha m'misewu ndi mabelu ndi makombola mpaka kudoko. Koma papita zaka zambiri akuluakulu a mzinda ataletsa kuziponya m'madzi. Zikafika kudoko, abale amachotsa chithunzi ndi nyali, amawerama, amatembenuka osayang'ananso m'mbuyo, ndipo makina amaziphwanya, malole n'kutengera zidutswazo kokatentha. Aliyense amadziwa, palibe amene amaikamba. Ndipo makinawo anali achikasu. Ntchito imeneyo Tokuji anaigwira zaka zoposa makumi awiri, akudzitama kuti madzulo amodzi amayeretsa doko lonse osasiya ngakhale msomali.

Mayi Tome anali asanakhalepo ku Nagasaki masiku a Bon, pakuti munthu sachoka pachilumba akufa ake ali m'njira kubwera. Mu Julaye, pa foni, anamufunsa kuti chingalawa chachikulu chotero amachikokera kunyanja ndani. Tokuji anayankha asanaganize kuti ndi sitima yake yomwe. Iwo anati chabwino. Anati miyendo yawo siingathe chikhamu, choncho awapezere pokhala pazenera pomwe adzaone madzi amene mwana wawo adzadutsepo. Bokosi nalo lidzakhale nawo pomwepo.

Tsono ntchito inali imeneyo: kupeza chipinda choona nyanja koma chosaona bwalo la makina. Zina zonse Tokuji anali atazikonza kale m'mutu. Nyali zochotsedwa pa ngalawa adzazipachika pa chombo chake chonyamulira zitsulo, chombocho chidzadutsa pang'onopang'ono kulowera kunyanja kutada, nkhalamba idzaona kuwala kukuyenda pamadzi, nkhani yatha.

Anatenga Kanemaru, woyendetsa makina wamkulu pa kampani yake, amene anayamba naye limodzi masiku a ngolo, munthu yekhayo amene ankadziwa za bodzalo ndiponso yekhayo amene ankatha kumuseka pamaso.

Anayamba ndi hotela ya paphiri kutsidya kwa doko, imene alendo amabwerera kutali kudzaonerako mzinda. Kapeti wake phazi limamira. Zenera lake ndi khoma lonse. Atatsegula makatani, doko lonse linali pansi pawo ngati mbale pa tebulo: sitima, mashedi, misewu, akabawi akuzungulira pamwamba pa msika wa nsomba. Tokuji anaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno, n'kulengeza kuti ngakhale ku Hong Kong zoterezi n'zochita kupempha.

"Apa agogo adzandiona ndikukanda m'mutu, abwana," anatero Kanemaru. "Apo pali mzati wa magetsi paja ndi pamene ndimaimika makina anga."

"Kodi ndakutenga kuti uzindiuza zimene ndikuziona ndekha?"

"Mwanditenga kuti ndizinyamula chipewa chanu."

Potsika phirilo m'galimoto, Kanemaru anati njira zilipo ziwiri zosavuta: kuwauza agogowo zoona, kapena kuwathirira mowa mpaka agone. Tokuji anati mowa uiwale, pakuti tsiku la ukwati wake iye ndiye ananyamulidwa ndi anthu anayi, iwo akadali khale akutola minga ya nsomba m'mbale. Pa za kuwauza zoona, anangokweza wailesi.

Hotela yachiwiri inali yakale, ya njerwa zofiira, yomangidwa ndi azungu a malonda kum'mwera kwa mzinda. Masitepe ake ndi a mtengo wonunkhira, operekera tiyi amavala magolovesi oyera. Bwalo la makina silinkaoneka ngakhale pang'ono, izo n'zoona. Koma nyanja nayonso inkangosuzumira pakati pa madenga awiri, kamzere kopyapyala ngati lamba wa mwana. Kanemaru anati pano ndi pabwino, alipire azipita. Tokuji anakana. Anati munthu wobadwira pachilumba ukamuonetsa kamadzi kameneko adzakufunsa ngati ndi ngalande. Chimene sananene n'chakuti iye mwini sakadalola kuti abale a kuchilumba amve kuti Iwanaga Tokuji anaika apongozi ake m'chipinda choona madenga.

Yachitatu inali Hotela ya Shiomi, yatsopano, yaitali, ya magalasi okhaokha, itaima m'mphepete mwenimweni mwa madzi pafupi ndi doko. Malo amene inaimapo anawalambula ndi Tokuji yemwe. Panali fakitale ya ayezi yokhala ndi maziko olimba ngati thanthwe, makampani awiri anathawa, iye anaizula nthawi isanakwane. N'chifukwa chake bwana wa hotelayo, bambo Mizokami, anatsika okha kudzamuchingamira pakhomo, atavala suti yakuda, akuwerama mpaka tsitsi lawo lopesa bwino linagwera kutsogolo.

Anawakweza pa chikepe mpaka pamwamba penipeni, ku chipinda cha pangodya chimene amagonamo eni masitima. Mbali ziwiri zinali galasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Panali bafa lamwala loyang'ana kunyanja, mipando yachikopa, ndi magalasi oonera patali ataikidwa pa katebulo pafupi ndi zenera. Mtima wa Tokuji unachikonda chipindacho nthawi yomweyo, monga momwe unkakondera chilichonse chachikulu. Anayandikira galasi. Bata la m'chipindamo linali lachilendo, pakuti galasilo silinkalowetsa phokoso lililonse. Pansi, magalimoto ankayenda opanda mawu. Madzi a padoko anali obiriwira modera, osagwedezeka, ngati mafuta. Ndipo pansi pa nsapato zake penipeni panali bwalo la simenti, lalikulu, lopanda kanthu, likudikira.

Anabwerera m'mbuyo. Anauza bambo Mizokami kuti amuonetse chipinda chapansi.

Anatsika nsanjika ndi nsanjika. Chipinda chilichonse Tokuji ankapita kuzenera, kuyang'ana kumanzere, kupukusa mutu, kutuluka. Nkhope ya bambo Mizokami inkagwa pamodzi ndi chikepe. Atafika pa nsanjika yachisanu, kumapeto kwa khonde, anapeza chimene ankafuna. Patsogolo pa zenera panali denga lalitali la shedi yosungiramo nsomba, ndipo dengalo linaphimba bwalo lonse ngati dzanja pa maso. Kuseri kwake kunali madzi otakata, njira ya sitima yolowera kunyanja yaikulu. Zenera laling'ono la pambali linkaona msewu umene ngalawa zimadutsa. Tokuji anakhala pa mpando, anakhala pansi, anagwada, kenako anavula nsapato n'kukwera pa mpandowo, mutu wake utatsala pang'ono kugunda denga.

"Agogo akatalika chonchi usiku umodzi, ndiye kuti tili ndi vuto lina," anatero Kanemaru.

Bambo Mizokami anatsokomola mwaulemu. Anati chipindachi n'chabwino ndithu, koma amagonamo ogulitsa mankhwala ndi aphunzitsi obwera ku misonkhano. Munthu ngati a Iwanaga, pa Bon woyamba wa akazi awo, mayi wa malemu ali mlendo, sizikuyenera. Tokuji anayankha chimene chinabwera pafupi. Anati munthu ali pa chisoni sadzionetsera. Kanemaru, amene anali ataona ngalawa ikumangidwa ku bwalo la kampani, anayang'ana kunja. Koma bambo Mizokami maso awo ananyowa. Anawerama nthawi yaitali osadzuka, n'kunena kuti mawu amenewo sadzawaiwala.

Tsikulo kunacha kotentha, mitambo yotsika, kopanda mphepo. Mayi Tome anatsika sitima ya m'mawa atavala zakuda, ndodo m'manja, kachikwama kamodzi. Tokuji anawatengera yekha ku chipinda cha pa nsanjika yachisanu, ananyamula yekha bokosi la Sumie n'kuliika pa tebulo pafupi ndi zenera, anawaonetsa msewu, anawaonetsa njira ya sitima, anaitanitsa tiyi ndi nsomba yabwino koposa ya m'hotelamo. Iwo anayang'ana kunja nthawi yaitali.

"Denga labwino," anatero.

Kenako anati madzi a kuno sanunkha nyanja, n'kupempha poikira phulusa la fodya. Tokuji anasiya mtsikana wa pahotelapo kuti aziwatumikira, n'kuthamangira ku ngalawa.

Ngalawa imeneyo anthu akuikambabe. Zinali ngalawa zitatu zolumikizana, kutalika kwake kuposa mabasi atatu, mphuno yake yofiira itakwera kupitirira mawaya a magetsi moti panafunika amuna awiri a mitengo yaitali kuti azikweza mawayawo. Nyali zinali mizere mizere mpaka pamwamba, iliyonse ili ndi chizindikiro cha banja. Pakati panali chithunzi cha Sumie chachikulu ngati chitseko, ndi maluwa oyera amene ankawakonda, lole yathunthu. Antchito onse a kampani anavala malaya ofanana, thonje m'makutu, ndipo makombola ankaphulitsa bokosi lonse kamodzi, osati m'modzim'modzi ngati mabanja ena. Utsi unadzaza msewu, mapepala ofiira anafika m'akakolo, belu likulira patsogolo, okankha akuyankha ndi mawu amodzi. Tokuji ankayenda kutsogolo atavala zakuda, thukuta likutsika m'khosi, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse. Anthu m'mbali mwa msewu ankaloza, ankajambula, ankafunsana kuti ndi ya ndani, ndipo ena ankayankha.

Dzuwa likulowa anafika pa msewu wa kudoko, pamene ngalawa zonse zimakumana n'kuima pa mzere. Patsogolo pawo panali zambiri, kumbuyo kwawo zochuluka kuposa pamenepo. Podutsa pa Hotela ya Shiomi, Tokuji anakweza maso kufuna zenera laling'ono la pa nsanjika yachisanu. Makatani ake anali otseka.

Pakhomo pa hotelayo panaima bambo Mizokami ndi antchito awo pa mzere, onse akuweramira ngalawa. Atamuona Tokuji anabwera msangamsanga pakati pa utsi, nkhope ikuwala, n'kuyamba kulankhula. Tokuji anachotsa thonje khutu limodzi.

"Tawasamutsira pamwamba amayi," anakuwa bambo Mizokami pafupi ndi khutu lake. "Chipinda cha pangodya chija. Ndi mphatso ya hotela, musatchule za malipiro. Mawu anu aja sanandigonetse."

Tokuji anafunsa kuti awasamutsa liti. Anati masana, ngalawa zoyamba zisanafike, kuti asaphonye kalikonse.

Bokosi lina la makombola linaphulika kumbuyo kwawo, ndipo bambo Mizokami anabwerera pa mzere wawo akuweramabe. Ngalawa inasuntha. Panalibe kuima, pakuti apolisi ankayendetsa mzerewo ndi malikhweru, ndipo mwini maliro sasiya ngalawa pa msewu. Tokuji anayenda khosi litapindikira kumwamba. Galasi la pangodya linali lofiira ndi dzuwa, osaoneka kanthu. Anadziuza kuti mwina agona. Anadziuza kuti nkhalamba ya zaka zimenezo siingaone patali chotero. Kenako anakumbukira kuti iye yemwe anawabweretsa kwa dokotala wamkulu wa maso zaka zitatu zapitazo, ndi kuti nkhaniyo anaisimba pa maukwati awiri.

Dzuwa litamira kuseri kwa phiri, kufiira kunachoka pa galasi. Pamenepo anaona. Pansi pa zenera, pangodya penipeni, panali kanthu kakuda kakang'ono, ndipo pambali pake kanthu koyera.

Pa chipata cha bwalo fungo linasintha, utsi wa makombola n'kusanduka wa dizilo. Magetsi aakulu anali atayatsidwa. Makina anayi ankagwira ntchito, mikono yawo ikukwera ndi kutsika, matabwa akulira pansi pa mano achitsulo, mulu wa zidutswa utafika msinkhu wa nyumba. Tokuji anathamanga kutsogolo n'kukwera pa sitepe ya makina a Kanemaru. Anamuuza kuti ngalawa iikidwe pambali, kuseri kwa malole, isakhudzidwe.

Kanemaru anachepetsa kulira kwa injini. Sanaseke. Anafunsa kuti pambali pake ndi pati. Ngalawa ya banja wamba akadaibisa pansi pa lona, koma iyi mutu wake uli m'bwalo mchira ukadali pa msewu. Ikaima pamenepo chipata chatsekeka, ndipo kumbuyoko kuli mabanja mazana ndi akufa awo. Wa ku ofesi ya mzinda anali akubwera kale akugwedeza tochi.

"Ndipo akhala akuonera kuyambira masana, Toku," anatero Kanemaru, akumutchula dzina la masiku a ngolo. "Ine ndinawaona dzuwa likadali pamwamba. Ndimayesa mwasintha maganizo."

Antchito anatsitsa chithunzi. Anachotsa nyali n'kuthamanga nazo ku chombo monga anawalamulira, pakuti panalibe amene anawauza zina. Maluwa anatsala. Abale anawerama n'kutembenuka, ndipo Tokuji yekha ndiye anatsala ataima pakati pa simenti. Mkono wachikasu unakwera pamwamba pa mphuno yofiira ija n'kuima, dzina lake likuwala ndi magetsi. Kanemaru ankamuyang'ana. Wa tochi uja ankamuyang'ana. Tokuji anagwedeza mutu movomera.

Sanaone ngalawa ikuphwanyika. Anangomva. Maso ake anali pa zenera la pamwamba, pamene kanthu kakuda kaja sikanasunthe kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

M'chikepe anadziona pa galasi: mapepala ofiira m'tsitsi, thonje likadali khutu limodzi. Analichotsa n'kulisunga m'dzanja, posowa potaya. Mtsikana wotumikira uja anamutsegulira chitseko, anawerama, n'kutuluka mofulumira ngati munthu amene wakhala akudikira kutuluka.

Nyali za m'chipindamo zinali zosayatsa. Kuwala kunkachokera pansi, ku magetsi a pabwalo, n'kumenya kudenga. Mayi Tome anasiya mipando yonse yachikopa n'kukhala pansi pa kapeti, mawondo atagunda galasi. Bokosi la Sumie linali pambali pawo, magalasi oonera patali ali pa miyendo yawo, mbale ya phulusa itadzaza.

"Amayi, ndafika."

"Khalani pansi, a Tokuji. Mwatopa."

Anagwada kumbuyo kwawo pang'ono. Iwo analankhula osatembenuka. Anati makina ndi amphamvu. Anati atafunsa mtsikana uja kuti zinthu zachikasuzo n'za yani, anawauza monyadira kuti zonse n'za mkamwini wawo, koma iwo anali atawerenga kale dzinalo okha. Maso aja Tokuji anawakonzetsa akuona bwino, anati, ndipo akuthokoza.

Tokuji anayamba kufotokoza, ndipo pofotokoza mawu ake anabwerera mphamvu yake. Anati ndi lamulo la mzinda, si iye analipanga. Anati mzinda wonse umachita chimodzimodzi, olemera ndi osauka, ndipo ansembe amavomereza kuti mzimu suyenda ndi matabwa. Anati ngalawa zotere zikadalowa m'madzi sitima zikadasowa podutsa, ndipo palibe doko lalikulu pa dziko lapansi, iye wawaona onse, limene likadalola. Anati ngalawa ngati ya Sumie Nagasaki sanaionepo. Mayi Tome anamulola kufika kumapeto.

"Za lamulo sindinakufunseni. Ndinakufunsani kuti amamukokera kunyanja ndani."

Pansi, kuseri kwa mashedi, chombo chonyamulira zitsulo chinatulukira pang'onopang'ono, nyali zonse zikuyaka mizere mizere, kuwala kwake kukugwera pa madzi akuda. Chinali chokongola kuposa momwe Tokuji anaganizira. Mayi Tome anakweza magalasi, anachitsatira kanthawi, n'kuwatsitsa.

"Mulibe munthu mmenemo," anatero. "Mwana wanga anakwera yoyamba ija. Mwamuyendetsa mzinda wonse ndi phokoso, mwafika naye pamadzi, mwamutsitsa pa simenti."

"Amayi, Sumie wapita. Wapita bwino."

"Wapita ndi chiyani?" Anagogoda galasi ndi chala, kuloza pansi. "Ali apo. Waima ndi anzake. Ndakhala ndikuonera kuyambira masana, aliyense afika, atsitsidwa, abale ake atembenuka. Ndiye mwati mwachita zimenezi zaka zingati? Doko lanu ladzaza, a Tokuji. Ine ndimadabwa kuti madzi ake sagwedezeka bwanji."

Tokuji anayang'ana pansi asanafune. Bwalo linali loyera ndi magetsi, mikono yachikasu ikukwera ndi kutsika popanda phokoso, ndipo m'mphepete mwa simenti, pamene pathera kuwala n'kuyamba madzi, panali mzere wa mdima umene kwa zaka zonsezo anali asanauyang'anepo.

Mayi Tome anati apempha kale bwana wa hotela, munthu waulemu kwambiri, kuti awasungire mipando iwiri pa sitima yoyamba ya m'mawa. Kuchilumba Bon watha lero, koma anyamata sadzakana kumanga kangalawa ka udzu mochedwa, ndipo mafunde a kumadzulo sawerenga masiku.

Tokuji anagwira pansi ndi manja onse awiri. Anati adzamanga ina, ya udzu, yaikulu kuposa iliyonse imene chilumba chinaonapo, adzabwera nayo yekha. Anati ngati n'zosatheka, agawane mafupa, mwambo umalola, kamtsuko kakang'ono kokha kakhale paphiri paja, pakuti mandawo ndi a anthu awiri ndipo iye alibe wina.

Apa mayi Tome anatembenuka kwa nthawi yoyamba. Kuwala kochokera pansi kunawapatsa nkhope ya mithunzi yokhayokha.

"Munati simudzatsegula pakamwa."

Tokuji anatseka.

Iwo anakokera bokosi pa miyendo yawo, anamasula mfundo ya nsalu yoyera, anaimanganso mwa njira yawo, yolimba, ya anthu omanga maukonde, n'kulowetsa mutu wawo mu lupu lake kuti bokosilo likhale pachifuwa. Atatha anakhala ngati akumvetsera. Kenako anati patsala ntchito imodzi, ndipo iwo sangaigwire chifukwa mazenera a nyumba yodulayi satseguka ndipo miyendo yawo siingafike pansi. Mafupa ali nawo, koma Sumie mwini wake sakudziwa za sitima ya m'mawa.

"Pitani mukamuuze. Mumutchule dzina, mumuuze pokwerera. Mawu anu ndi aakulu, akumvani."

Tokuji anatsika. Anadutsa bambo Mizokami amene ankafuna kumva ngati amayi akondwera, anadutsa pakati pa ngalawa zodikira, analowa pa chipata. Wa tochi uja anafuna kumuletsa, koma atamuzindikira anapatuka. Anayenda pa zidutswa za matabwa ndi maluwa opondedwa mpaka kumapeto kwa simenti, pamene magetsi safika. Kumbuyo kwake Kanemaru anamuona, anatsitsa mkono wa makina n'kuzimitsa injini, ndipo enawo, poona mkulu wawo wazimitsa, anazimitsanso mmodzi ndi mmodzi. Mabanja amene anali pachipata anakweza mitu. Makombola ankamvekabe kutali m'misewu, koma pabwalopo panali zii.

Tokuji anaima, nsonga za nsapato zili pa mphepete. Madzi anali pansi pake, akuda, osayenda. Mpweya wa pamenepo unali wozizira kuposa wa pabwalo, ndipo anamva ngati waima pakati pa anthu ambiri. Mawu ake, amene ankamveka mpaka kutsidya kwa doko, anatuluka aang'ono, moti anachita kuyambiranso.

"Sumie," anatero. "Ndine. Amayi akuti mawa m'mawa, sitima yoyamba. Ukakwere pa mlatho wa sitima wa kumanzere. Usachedwe, sakudikira."